Chifukwa Chake Mnthengu Amatera Yekha

Padangokhalatu! Vomerani msanga kuti tili tonse, anzanga, nthano yatsopanoyi ikundiyabwa pakamwa!

Mnthengu, katswiri wotsanzira mawu, ndiye ankaulutsa nkhani m'mawa uliwonse pamwamba pa mlambe. Tsiku lina mbalame zinamunyogodola: "Achimwene, nkhani zanuzi zikutigonetsa tulo. Tiseketseniko!"

Mnthengu anakabisala pafupi ndi chisa cha Njiwa, n'kukuwa ndi mawu a mwamuna wa Njiwayo: "Make mwana, ndakodwa pa ulimbo kudambo!"

Njiwa anasiya tiana take tiwiri, ulendo wa kudambo. Mbalame zinaseka mpaka kugwa m'nthambi. Pobwerera, Njiwa anapeza linthumbu lili bii m'chisa, tiana titafa.

Pamlandu Mnthengu anati, "Wapha ana ndi linthumbu. Ine ndimangocheza, ndipo anandituma ndi awa."

"Ife? Tinangoseka basi," zinatero mbalame, n'kumauluka imodziimodzi.

Njiwa anafunsa chapansipansi: "Achimwene, kodi linthumbu limadziwa mawu a mwamuna wanga?"



Mpaka lero Mnthengu amavala zakuda, amatera yekha pa nthambi youma, kumamvetsera Njiwa akulira chapatali. Mawu a mbalame zonse amawatha, koma a Njiwa okha sayerekeza.