Mayi Ambaro Akana Shahada

Timiro anali akudonthezera madzi pamilomo ya amayi ake pamene Shehe Gedi analowa, nsapato atazisiya pakhomo. Pambuyo pawo panali akulu awiri a kumzikiti. Wodwalayo ndiye anaumirira m'mawa kuti shehe asabwere okha, abwere ndi anthu awiri.

Aliyense ankadziwa kuti Mayi Ambaro safika mawa, koma panalibe wodera nkhawa za kumene akupita. Kwa zaka makumi atatu, iwowa ndiwo ankasambitsa maliro a akazi m'mudzi wonsewo wa m'mbali mwa mtsinje wa Shabele. Swala, mapemphero a tsiku ndi tsiku, sankaphonya, ngakhale chaka cha chilala chija ngamila zinkangogwa m'njira. Munthu wotere ukamulira, umalira mtima uli m'malo.

Shehe anagwada kumutu kwa bedi. Munthu amene akutsirizika salamulidwa. Umangonena shahada pafupi ndi khutu lake, mawu ovomereza Mulungu ndi Mtumiki, kuti atsatire yekha ndipo akhale mawu ake otsiriza. Shehe ananena kamodzi. Mayi Ambaro anangoti duu. Ananena kachiwiri. Mayiwo anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Sakumva," anatero Timiro. "Makutu anatseka dzulo."

"Ndikumva bwinobwino," anatero Mayi Ambaro, mawu ali ziii koma omveka. "Musadzitopetse, Shehe. Mawu amenewo sindinena. Chisilamu ndachisiya."

Kasupuni kanagwa m'manja mwa Timiro.

Shehe Gedi sanali munthu wankhanza, tisawanamizire. Anayesa kuwatsegulira mayiwo njira yothawira.

"Awa ndi malungo akuyankhula, abale anga. Wodwala mutu alibe mlandu."

"Lero ndi Lachitatu," anayankha wodwalayo. "Inu ndinu Gedi, mwana wa Hawo. Amayi anu ndinawasambitsa ndi manja awa, tsiku limene mtsinje unasefukira. Wamisala amayankhula chonchi?"

Mmodzi wa akulu aja anapukusa mutu, nkunong'oneza mnzake mokweza ndithu kuti nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Timiro anamva ngati amulasa. Mkuluyo ankanena za Rage, mlongo wake wa Timiroyo, mphunzitsi uja anabwera kuchokera kutauni nkunena poyera kuti sakhulupiriranso. Anyamata a mfuti a kutchire anamupatsa masiku atatu kuti alape. Tsiku lachinayi anamuwombera pamsika, anthu akuona. Panali patapita zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo m'zaka zonsezo Mayi Ambaro sanagwetse msozi pamaso pa anthu, dzina lake sanalitchule. Anthu ankawatama kuti ndi mayi wolimba m'chipembedzo. Kani matenda a mwana uja anali akuwadya m'kati mwakachetechete.

Shehe anawafunsa katatu ngati akutsimikiza, monga mwa lamulo. Katatu konseko yankho linali lomwelo. Anaimirira mawondo akulira, nkhope itagwa.

"Mboni ziwiri zamva, ine ndilibenso mphamvu," anatero kwa Timiro. "A kutchirewo sindiwauza, Mulungu wayandikira kale. Koma mwana wanga, ukudziwa. Sitiwasambitsa, sitiwakulunga m'nsalu yoyera, sitiwaswalira. Kumanda a Asilamu salowa. Tiwaika kunja kwa mpanda wa minga, kuchigwa."

Timiro anawagwira mwendo, akulira ngati kamwana. Anawakumbutsa za akazi onse amene amayi ake anawasambitsa osalandirapo kanthu, za mbuzi yomwe anapereka kumzikiti. Shehe anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono. Anavala nsapato zawo, atatuwo nkutuluka osatsanzika. Amayi amene anali atasonkhana pabwalo kudikira maliro anayamba kutola mikeka yawo, mmodzimmodzi.

M'nyumba munatsala awiri. Chisoni cha Timiro chinasanduka ukali.

"Amayi, mwandichita chiyani? Abambo agona m'kati mwa mpanda, malo anu ali pambali pawo. Ngati munatopa ndi Mulungu, bwenzi mutangokhala chete, ine ndikanati makutu. Ndiye mukakwiriridwe ngati bulu, inu? Ine ndiyenda bwanji m'mudzi muno?"

Mayi Ambaro ankapuma movutikira, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Timiro anakhala pansi, nkhope m'manja. Mlongo anataya, tsopano amayi nawonso akutayika, osati kwa lero lokha ayi, kwamuyaya. Ankafuna kuwada koma sankatha.

Kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala yamadzulo. Dzanja lowonda la mayiwo linakhudza mpango wa Timiro.

"Apita?"

"Apita onse. Mwasangalala?"

"Anati andiika kuti?"

"Kuchigwa, Amayi. Kunja kwa minga."

"Kumene anakwirira Rage?"

"Malo a anthu otere ndi amodzi, mukudziwa."

Mayi Ambaro anapumira m'mwamba, ndipo misozi inayenderera mpaka m'makutu.

"Abambo ako ali ndi mudzi wonse m'kati muja. Mwana wanga wagona yekha kokwanira," ananong'ona. "Tseka chitseko, unditembenuzire ku Maka. Nthawi ya swala ikundithera."