Chiphaso Chinathera Pamlatho

"Manja pachiwongolero, Terrell," anatero azakhali ake a Odessa galimoto ya apolisi itaima kumbuyo kwawo. "Ndipo pukuta nkhopeyo, ukuoneka ngati galimotoyi waba."

Terrell anali asanagone tulo teniteni chimwalirireni bambo ake. Anali atangowoloka mlatho wochokera ku Pennsylvania kulowa mu New Jersey, kwawo kwa malemuwo, kumene anthu ankawadikira kuti aike maliro masana omwewo.

Wapolisi wachikulire anawerama pawindo. "Nyali yanu yakumbuyo yapsa, achimwene."

Terrell anachita zimene bambo ake anamuphunzitsa tsiku limene anamugulira mfuti: wapolisi umamuuza wekha, asanakufunse.

"Bwana, ndili ndi mfuti m'chiuno, mkati mwa jeketemu. Chiphaso chake ndili nacho."

Wapolisiyo anachiyang'ana chiphasocho, n'kuusa moyo. "Ichi n'cha ku Pennsylvania. Mphamvu yake yathera pamlatho paja. Tsikani."

"Tikupita kumaliro, bambo inu!" anakuwa a Odessa. "Mtsinje wokhawu munthu n'kusanduka chigawenga?"

"Mayi, mnyamatayu akanakhala chete, ndikanangoti akakonzetse nyali. Koma wanena yekha, ndipo kamera yangayi yamva."

Terrell anatsika m'galimotomo. Anangovula tayi yakuda, n'kuwapatsa azakhali akewo pamodzi ndi makiyi.

Pomumanga unyolo, wapolisiyo anatsitsa mawu. "Ambiri amabisa, achimwene. Amene anakulerani, anakulerani bwino. Mukatuluka mukawauze kuti ndatero."