Nthambi Yoti Itsekedwe

"Mwafufuza mokwanira, mayi," anatero bwana wamkulu wa kampani yathu ya nyuzipepala. "Tiuzeni, kuti tidzapulumuke m'zaka zikubwerazi, titseke nthambi iti?"

Ndinaimirira. Pakhoma panali mzere wosonyeza chiwerengero cha ogula nyuzipepala, ukutsika chaka ndi chaka. Anthu tsopano amawerenga nkhani pafoni, ndipo yankho ndinali nalo kale: nthambi yosindikiza.

Pambali panga panakhala achimwene anga, mkulu wa nthambiyo, inki ili m'zikhadabo. Ndi iwo amene anandipezera ntchitoyi. Tsikulo anavala jekete lawo la kutchalitchi kuti adzandimvere ndikulankhula pamaso pa mabwana.

Ndinawayang'ana.

Achimwene anandigwira dzanja akumwetulira monyadira.

"Usaope, mlongo wanga," ananong'ona. "Auze zoona."