Dzina Limene Eston Anafufuta

Panali munthu wina ku Leeds, Mmalawi mnzathu, dzina lake Eston, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Izi zinachitika mu 2014, ndipo amene anazifotokoza amapemphera naye mpingo umodzi.

Mwa okalamba ake munali a Harry, Mzungu wa zaka 83, amene anali atayamba matenda oiwala. Pansi pa bedi lawo panali katoni ya makomiki, timabuku ta nkhani za zithunzi tija. Mwini wake anali mwana wawo mmodzi yekhayo, Annette, amene anamwalira mu 1963 ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku lililonse pa nthawi ya tiyi, a Harry ankatulutsa buku limodzi lomwelo, n'kuloza dzina limene mwanayo analemba ndi pensulo mkati mwa chikuto. Akaona kalembedwe kameneko ankamukumbuka, n'kumusimba mpaka tiyi kuzizira. Popanda bukulo, mwanayo sankabwera m'mutu mwawo.

Zaka zimenezo mitengo ya makomiki akale inali itakwera kwambiri chifukwa cha mafilimu. Eston anajambula bukulo pa foni, nakaonetsa mwini shopu ina ya makomiki, dzina lake Willie.

Willie anayang'anitsitsa, nati: "Ili ndi losowa. Likapeza malikisi abwino, munthu atha kumangira nyumba." Anafotokoza kuti kuli akatswiri amene amayesa buku, kulipatsa malikisi pa teni ngati mayeso, kenako n'kulitsekera m'pulasitiki yolimba. "Koma mukamuuze mwini wakeyo asalikonze. Asapukute, asamate, asasite. Alisiye ndi ukalamba wake."

Kunyumba Eston anauza mkazi wake Asimenye, mayi wa mwana wawo Uchizi, zoti ankaganiza zotenga bukulo.

"Bambo a Uchizi, mukufuna kumanga nyumba ndi buku la mwana wakufa? Mukagonamo ndi ndani?"

"Mdala uja sadziwa n'komwe. Amaiwala ngakhale zoti wadya."

"Iwo aiwala. Nanga inu?"

Lachisanu Eston anatenga bukulo, nalibisa m'jekete.

Tsono Eston anaphunzira sukulu imene buku lakuda linkakwapulitsa, loyera n'kupatsa malikisi. Anaganiza kuti Willie akungofuna kudzaligula motchipa. Anatenga labala, nafufuta dzina la mwana lija mpaka pepala kuyera. Analiyala pansalu, nalisita ndi simbi ngati yunifolomu. Pong'ambika anamata ndi guluu, popalika anadetsa ndi cholembera chakuda. Atakhutira kuti laoneka latsopano, analitumiza kwa akatswiri aja.

Yankho linatenga masabata asanu ndi limodzi. Masiku onsewo a Harry ankakhuthula katoni ija pabedi, n'kumatsegula buku lililonse.

"Eston, muli kanthu kamene ndimaona muno. Kanali chiyani kodi?"

"Imwani tiyi, bambo, azizira."

Tiyi sankamwa. Chakudya anayamba kusiya m'mbale.

Bukulo linabwerera lili m'pulasitiki, pamwamba pake atalembapo kuti ndi lokonzedwa, ndiponso kuti mkati mwa chikuto mwafufutidwa dzina. Willie atawerenga analikankhira kwa Eston.

"Ndinanena chiyani ine? Ogula a masiku ano buku lokonzedwa salifuna. Dzina la pensulo likadangochotsa malikisi pang'ono. Apa mwalipha."

Eston anabwerera nalo. Anaswa pulasitiki ija, natenga pensulo, nalemba yekha dzina lija pamalo pake, akuyesetsa kupotoza zilembo ngati mwana. M'mawa mwake analiika pamwamba pa katoni.

A Harry analiona, nalitenga. Anatsegula chikuto. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Walemba apayu ndi munthu wamkulu," anatero. Kenako anatembenukira kwa Eston. "Annette ndi ndani?"

"Mwana wanu, bambo."

"Ine ndinali ndi mwana?"

Eston anagwada pambali pa bedi, nayamba kuwasimbira zonse zimene iwo eni ankamusimbira kale. A Harry anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, ngati munthu amene akumva za maliro a kumudzi wina. Eston atatha, a Harry anamugwira paphewa.

"Pepani kwambiri. Anali m'bale wanu?"

Kuchokera tsiku limenelo sanaifunsenso katoni ija. Anamwalira patapita miyezi itatu. Analibe wachibale. Palibe amene anafunsa za buku, apolisi sanabwere, ndipo kuntchito Eston anamuyamikira kuti anawasamala bwino mpaka mapeto.

Ntchitoyo anaisiya yekha. Lero amanyamula katundu m'nyumba yosungira zinthu ku Manchester. Pensulo saigwira. Mkazi wake akuti masana, ana akapita kusukulu, amamupeza ataima pakhomo la chipinda chopanda munthu, akumvetsera. Akamufunsa amati muli wina akutsegula mapepala, limodzilimodzi, ngati akufuna tsamba limene sakulipeza. Abusa anabwera kudzapemphera kawiri. Anasamuka nyumba, koma mapepalawo akumvekabe. Padziko lonse amene akudziwa mbiri yonse ya mtsikana wotchedwa Annette watsala Eston yekha, ndipo iye kuiwala kukumukanika.

Phunziro: Chinthu cha mwini usachiyese ndi mtengo wa pamsika, pakuti sudziwa chimene chimamugwirira mtima. Odziwa ntchito yawo akati usakhudze, usakhudze. Ndipo inu amene mumalowa m'nyumba za okalamba ndi makiyi a eni ake, musanene kuti nkhalamba yoiwala siona, chifukwa pali zina zimene ungabweze m'katoni koma osazibwezanso mwa munthu. Tumizani nkhaniyi kwa abale onse a ntchito imeneyi, aiwerenge dzanja lisanalowe pansi pa bedi la munthu.