Lembani Dzina la Safia

Galimoto inali italizidwa kale panja pamene Hajara anatseka khomo la kalasi ndi thupi lake. Linali tsiku lachitatu akubwera pasukulu ya ku Lifuwu imeneyi. Masiku awiri oyamba anamubweza.

"Amayi, tatseka," anatero Che Abdulkarim, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankamasulira mawu a mlendo. "Ndinakuuzani dzana, ndinakuuzani dzulo. Tikufuna nkhalamba zopanda mano. Inu mano onse alipo."

"Azuleni, aphunzitsi. Bola mulembe."

Mlendoyo anali Lena, mayi wakuda wobadwira ku Haiti amene amaphunzitsa ku Falansa. Makolo ake anafika ku Haiti ali m'maunyolo. Zaka zoposa mazana awiri zapitazo, zombo za Afalansa zinkagula anthu ku Kilwa ndi ku Mozambique, ena mwa iwo ogwidwa kuno kunyanja, n'kuwawolotsa nyanja yamchere ya Atlantic kuti akalime nzimbe. Lena anawerenga mabuku a zombozo mumzinda wa Nantes. Anapezamo kuchuluka kwa amuna, kuchuluka kwa akazi, kuchuluka kwa amene anafera m'njira. Mayina awo sanawapeze. N'chifukwa chake anabwera kudzafunsa kuno.

Sabata yonse nkhalamba zinamuuza zimene zinamva kwa makolo: magoli m'khosi, zombo zamatanga, anthu kuthawira kuphiri. Koma palibe amene anatchula dzina la munthu mmodzi wotengedwa. Tsopano Lena anali atamanga chikwama, ndipo ndege yake inali ya mawa lake.

Hajara anamva nkhaniyi kumzikiti wa ku Khombedza Lachisanu. Analengeza kuti kwabwera mlendo wofufuza anthu amene anatengedwa ukapolo kutsidya kwa nyanja. Anasiya matimati ake akuwola pamsika, n'kukwera minibasi, kenako kabaza. Anatsimikiza kuti sabwerera kwawo mlendoyo asanalembe dzina la munthu wake ndi kulonjeza kuti akamufufuza.

"Auzeni kuti ine dzina ndili nalo," anatero Hajara pakhomo paja.

Che Abdulkarim anamasulira monyinyirika. Lena anaika chikwama pansi. Anakoka desiki, n'kuyatsa kamakina kojambulira mawu. Woyendetsa galimoto analiza hutala kawiri, koma palibe amene anacheuka.

"Muziyankha zimene akufunsa zokha," anachenjeza Che Abdulkarim. "Nthawi yatha. Dzina?"

"Safia."

"Wa mtundu wanu?"

"Magazi anga enieni."

Mafunso anatsatana, ndipo Hajara ankayankha mofulumira ngati woopa kuti amudula mawu. Safia anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sanagwidwe pankhondo ayi. Anamutenga ndi munthu wa konkuno, wovala bwino, wodziwa kupereka moni kwa akulu. Anamunyenga kuti kumene akupitako adzavala nsalu zabwino. Anatenganso atsikana ena anayi.

Lena ankalemba osakweza mutu. Zonsezi zinkagwirizana ndi zimene anawerenga.

Koma Hajara sanalekere pamenepo. Atafika kutsidyako, Safia anamuimika pamzere ndi anzake, mabwana n'kumasankha. Amene anamusankha anati dzina lake ndi lovuta, anamupatsa lina. Ankagwira ntchito osapuma ngakhale tsiku limodzi, ankadya makombo, ankagona pansi m'kachipinda kokhoma kunja. Tsiku lina atadwala n'kulephera kudzuka, anamuthira madzi otentha padzanja. Anathawa kamodzi. Anamugwira, anamumenya, kenako bwanayo anamugulitsa kwa mnzake ngati mbuzi.

"Wallahi, sindikuwonjezera kanthu," anatero Hajara. "Auzeni akamufune. Iwo amadziwa kutsidyako, ine sindinapitirirepo pa Lilongwe."

Cholembera cha Lena chinali chitaima. Misozi inatsika mpaka m'chibwano. Zaka khumi akufufuza, anamva nkhani zambiri za mmene anthu ankachokera, koma nkhani zonse zinkathera pagombe. Palibe banja limene linkadziwa zimene zinagwera munthu wawo atawoloka, chifukwa wopita sankabwerako. Lero anali atapeza dzina, zaka, ngakhale chilonda cha padzanja. Anagwira manja a Hajara n'kulankhula mofulumira.

Nawonso Che Abdulkarim anali atavula chipewa. Mwano uja unali utawathera.

"Akuti zimene mwasungazi ndi chuma cha dziko lonse," anatero. "Akuti dzina la Safia lidzakhala patsamba loyamba la buku lawo, ndipo akafufuza m'mabuku akale a minda ya nzimbe mpaka atapeza pamene anaikidwa. Koma akufuna adziwe: anali agogo a agogo anu, kapena kupitirira pamenepo? Ndipo uthenga wa kutsidyako anabwera nawo ndani kuno?"

Hajara anawayang'ana onse awiri, mmodzi mmodzi.

"Agogo ati? Amandiuza yekha pafoni, bwana wake akachokapo. Ndi mwana wanga, aphunzitsi. Anakwera ndege chaka chatha kukagwira ntchito ya m'nyumba kunja, ndipo foni yake inasiya kulira masabata atatu apitawa. Afunseni, akayamba liti kumufuna?"