Nsenzi za Kalipentala Ackson

Panali munthu wina ku Shimabala, kunja pang'ono kwa tauni ya Kafue, dzina lake Ackson. Anali kalipentala waluso, ndipo iye mwini ankadziwa zimenezo mopitirira muyeso. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi.

Tsiku lina mlamu wake Lazarus, msodzi wa ku Chanyanya, anafika pa njinga atamangirira thumba lomwe linkagwedezeka lokha. Munali nsenzi ziwiri zamoyo, yaimuna ndi yaikazi, nyama zija ena amati tchenzi, zonga khoswe wamkulu zokhala m'bango. Ackson anali atazipempha kalekale chifukwa ankafuna kuziweta monga ena amawetera mbira.

Lazarus anamulangiza kuti khola likhale la njerwa ndi waya, ndipo chakudya chikhale bango, mapesi, nsenjere ndi nzimbe.

"Ba mulamu, meno ya nsenzi siyaleka kukula mpaka kufa," anatero. "Ngati simuipasa volimba, izatafuna chilichonse chili pafupi kuti meno yafupike."

Ackson anaseka. Anati msodzi azidziwa za nsomba, za matabwa asiyire eni ake. Anatenga matabwa a mukwa, n'kukhoma khola lokongola la mahinjesi awiri, kulipaka vanishi. Anthu odutsa ankaima kuliyang'ana. Zokadula bango mmawa uliwonse anaziona ngati chintchito, choncho ankangozipatsa nshima yotsala, maungu ophika ndi gaga wonyowetsa. Nyama zinanenepa. Madzulo akamasunga zipangizo zake ankamva kekete kekete m'kholamo, iye n'kumati zikusewera.

Patapita masabata atatu, anapita ndi mbale ya maungu mmawa n'kupeza m'khola muli zii. Pakona panali bowo lolowa zibakera ziwiri, pansi pali mulu wa utuchi. Manyazi anamugwira. Anakhomapo kathabwa, osauza munthu.

Tsiku lachinayi chithawireni nsenzizo, anaitanidwa ndi Dailesi, mayi wamasiye woyandikana naye, yemwe anali ndi dimba m'mbali mwa khwawa. Chimanga chake chinali pafupi kukhwima, ndipo ndicho ankaotcha pamsewu wa ku Lusaka kuti adyetse ana ake. Mizere itatu inali gonegone. Phesi lililonse linali lodulidwa mopendeketsa, ngati ndi mpeni wakuthwa.

Dailesi anali atapeza kale wolakwa. Anati ndi Mabvuto, mwini dimba la kumtunda, yemwe anakangana naye za malire chaka chatha. Anali atasiya kumupatsa moni, ndipo masana omwewo ankafuna kukamunenera kupolisi. Anaitana Ackson kuti akhale mboni.

Ackson anawerama. Anaona timilu ta tizidutswa ta mapesi, pomwe nyama inakhala n'kumadya mtima wofewa wa m'kati. Pambali pake panali ndowe zofanana ndi zomwe ankasesa tsiku ndi tsiku m'khola lake. Anadziwa kuti akangokhala chete palibe angamuganizire.

"Ba Dailesi, ba Mabvuto alibe mulandu," anatero. "Ni nsenzi zanga. Zinadya khola."

"Lija khola la vanishi?"

"Lamene lija."

Dailesi anamuyang'ana, kenaka anakhala pansi pamzere n'kuseka mpaka misozi. Atatha kuseka anamuuza mosabisa kuti chimangacho sichidzuka ndi kupepesa. Ackson anavomera. Sabata yonseyo anatseka shopu yake, nathandiza kubzalanso mizere ija ndi kutchinga dimba lonse ndi waya. Anakonzanso chitseko cha nyumba ya Dailesi, chomwe chinkatsekedwa ndi mwala kuyambira pomwe mwamuna wake anamwalira.

Dailesi anathyola chimanga china chomwe chinapulumuka n'kupita nacho kwa Mabvuto. Anamuuza zonse zimene anamuganizira. Mabvuto anadandaula pang'ono, koma mawa lake ndiye anabwera ndi khasu kudzathandiza kukumba maenje a mitengo ya mpanda.

Nsenzi zija sizinapezekenso, zinatsata khwawa kubwerera m'bango. Lazarus atamva, anangobweretsa zina ziwiri mwezi wotsatira, napeza khola la njerwa litamangidwa kale. Lero Ackson ali ndi nsenzi khumi ndi imodzi, ndipo mmawa uliwonse amaoneka akukwera kuchokera kukhwawa, mtolo wa bango uli paphewa, akuimba mluzu.

Phunziro: Luso lako pa ntchito imodzi lisakutseke makutu. Munthu amene amakhala pafupi ndi chinthu tsiku ndi tsiku akakuuza khalidwe lake, mvera. Ndipo ukalakwitsa, ulula msanga munthu wosalakwa asanasenze mlandu wako. Tumizirani ena, makamaka anzathu aja odziwa zonse.