Mapepala Atatu M'mbale

"Mukusuzumira," anatero aphunzitsi, akugogoda tebulo ndi chala.

Amene ankawomba m'manja analeka. Mayi a nyumbayo anali atangomasula mpango kumaso, kapepala kali m'dzanja. Sewero lawo linali losavuta. Pepala ling'ambidwe patatu, anthu atatu alembe mayina awo n'kuponya m'mbale, kenako iwo, atamangidwa kumaso, atole la munthu amene amutchula. Anali atatola molondola kawiri.

Aphunzitsiwo anapuma ntchito atayang'anira mayeso zaka makumi atatu. Masana amenewo anabwera ndi mlongo wawo kudzaona banja la mtsikana amene mphwawo, mwana wa mlongo wawoyo, ankafuna kukwatira, ndipo kuyambira pakhomo sanapeze chowasangalatsa. Mipando inali yakale. Mayiwo sanadzuke n'komwe powalonjera. Anangotambasula dzanja ali khale kumutu kwa tebulo ngati mfumukazi.

"Mpango ukamangidwa pamatsala kampata m'mbali mwa mphuno," anapitiriza aphunzitsi. "Ndagwira ana obera mayeso oposa tsitsi lam'mutu mwangamu. Ndipo mwana amatengera make. Wobera pa masewera, m'banja adzatani?"

Mphwawo anaweramitsa mutu. Mtsikanayo anadzuka.

"Amalume, mayi angawa..."

"Khala pansi," anatero mayi ake. "Ndili ndi pakamwa panga."

Anatembenukira kwa aphunzitsi osamwetulira.

"Mangani nokha. Mukandigwira ndikusuzumira, mutenge mphwanuyu muzipita, sitikulondolani. Mukalephera, muimirire mupepese kwa mwana wanga. Osati kwa ine, kwa iyeyu."

Aphunzitsi anavula jekete n'kuliyanika pa mpando. Mpango uja anaukana. Anaitanitsa thaulo, n'kulipinda kanayi, n'kuliunika padzuwa la pawindo. Anamanga mfundo ziwiri mpaka khungu la pachipumi pa mayiwo linakwinyika. M'mbali mwa mphuno anatsekamo ndi mipango yawo yam'thumba. Mtsikanayo anamutulutsa panja, kuti asakhosomole kapena kuponda phazi la mayi ake pansi pa tebulo.

"Pepalanso ng'ambani nokha," anatero mayiwo. "Cham'mwamba mupatse mlongo wanu, cham'munsi mphwanu. Chapakati chotsalacho n'chanu, ndipo ndi chomwecho ndikuchifuna."

Analemba onse atatu ndi cholembera chimodzi. Aphunzitsi anasakaniza timapepalato, n'kukankhira mbale kutsogolo. Kenako anagwada pambali pa mpando, tsaya lili pafupi ndi tebulo, maso ali pa mphuno ya mayiwo.

Mayiwo anapisa dzanja m'mbale. Anatola kamodzi, n'kukasisita m'mphepete ndi chala, n'kukabweza. Anatola kena, n'kukweza chibwano pang'ono.

"Apo! Mwakweza mutu!"

"Ugwireni mutuwo."

Aphunzitsi anadzuka, n'kuima kumbuyo kwa mpando, n'kutseka thaulo lonse ndi zikhato zawo ziwiri. Thukuta linali litatulukira m'khwapa mwa malaya awo. Mayiwo sanafulumire. Anatulutsa kapepala kong'ambika m'mwamba ndi m'munsi momwe, n'kukaika patebulo, n'kukamenya ndi chikhato.

Mlongo wa aphunzitsi anawerama kuti awerenge. Anagwira pakamwa.

"Achimwene, ndi dzina lanu."

Anabwereza. Ulendo uno anavundikiranso jekete lija pamutu pa mayiwo, mwini wake ali phee ngati akumetedwa. Linatuluka dzina lomwelo.

Aphunzitsi anamasula mfundo zija imodziimodzi, n'kupita okha kukatsegula chitseko. Mtsikanayo analowa. Iwo anaima njo pamaso pake, manja ali kumbuyo monga ankaimikira ana asukulu.

"Ndinalankhula mopitirira, mwanangu. Pepa."

Mphwawo anapumira m'mwamba. Mabotolo a zakumwa anatsegulidwa, macheza n'kuyambiranso, ndipo tsiku la ukwati linatchulidwa popanda wotsutsa. Koma aphunzitsi sanamwe. Anakhala akutembenuza thaulo lija, akuliunika uku ndi uku.

Nthawi yotsanzikana anawerama pafupi ndi mayiwo n'kunong'ona.

"Ndapepesa, inde. Koma mumaona, mayi. Sindikudziwa kuti mumaonera pati, koma maso anu ndi akuthwa kuposa a mwana aliyense amene ndinamugwirapo."

Mayiwo anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kudzuka, koyamba chifikireni alendowo. Mwana wawo anapisa kuseri kwa kabati, n'kutulutsa ndodo yoyera, n'kuwaikira m'dzanja.

"Maso ati, aphunzitsi?" anatero mayiwo, ndodo ikugogoda pansi kufunafuna khomo. "Anazima mwanayu akuyamwa. Tiyeni ndikuperekezeni."